Mpira wa Miyendo ndi Thanzi la Mwana

Phunziro lathu la lero liri pa mpira wa miyendo. Sitikunena mpira wa matimu akuluakulu umene anthu amalipira ndalama kuti akaonere ku David Kaunda Stadium ayi, koma uja mumasewera inu nomwe madzulo mutaweruka ku sukulu: ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, kapena pa bwalo la m'mudzi m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza ndi wa ku Mfuwe. Mpira wake ndi wa mapepala ndi nsanza zomangidwa ndi chingwe, umene ena amautcha chikulunga ndipo ena chimpombwa. Magolo ake ndi miyala iwiri kapena nsapato za mnzanu, ndipo woyimbira wake ndi mdima, popeza ndiwo umathetsa masewerawo.

Akuluakulu ambiri amaona mpira wotere ngati kutaya nthawi. Kholo limadandaula kuti mwana wang'amba kabudula ndipo wasiya mbuzi zilowe m'munda. Mphunzitsi naye, mayeso akayandikira, amatenga nthawi ya masewera olimbitsa thupi ndi kuikapo masamu. Madandaulo amenewa ali ndi chifukwa chake, koma tisanamulande mwana mpira, nkoyenera kuti tidziwe chimene tikumulandacho. Tsono tiyeni tione zimene zimachitika m'thupi la mwana pamene akusewera.

Mtima ndi mapapo

Ana inu, kungani nkhonya yanu ndipo muiyang'ane. Mtima wanu ndi waukulu ngati nkhonya imeneyo. Mtima ndi mnofu, ndipo ntchito yake ndiyo kupopa magazi usana ndi usiku. Magaziwo amatenga mpweya wabwino wotchedwa okosijeni ku mapapo, natenganso chakudya chogayika ku matumbo, ndi kupita nazo ku ziwalo zonse za thupi. Mukathamanga, minofu ya m'miyendo imafuna mpweya wambiri. Motero mapapo amapuma mofulumira ndipo mtima umagunda kawirikawiri kuti magazi afike msanga kumene akufunika.

Mnofu uli wonse umakula mphamvu ukamagwira ntchito, monga mmene dzanja la mlimi limalimbira ndi khasu. Mtima wa mwana wosewera masiku onse umazolowera kutumiza magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti sufunika kugunda kwambiri iye akakhala pansi. Nchifukwa chake mwana wotere amakwera phiri la Kanjala osaima kawirikawiri, pamene mnzake wongokhala pakhomo amachita befu asanafike ndi pakati pomwe.

Mpira uli ndi ubwino wina umene kuthamanga wamba kulibe. Wosewera mpira sathamanga liwiro limodzimodzi. Amayenda pang'ono, kenaka nkuthamanga zolimba kulondola mpira, nkuima mwadzidzidzi, nkutembenuka, nkuthamanganso. Kusinthasintha kotereku kumaphunzitsa mtima kukwera ndi kutsika msanga. Ndiponso mwana amene mutamuuza kuti azungulire bwalo kasanu angayambe kunyinyirika pa ulendo wachiwiri, amatha kulondola mpira ola lathunthu osadziwa kuti watopa, chifukwa maganizo ake ali pa chigoli.

Zimenezi mungathe kuziyesa nokha m'kalasi. Mwana ali yense aike zala ziwiri pa mtsempha wa pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, kapena pambali pa khosi. Aphunzitsi ayang'ane wotchi kwa masekondi 15 pamene ana akuwerenga kugunda kwa mtsemphawo, ndipo chiwerengero chimene apeza achichulukitse ndi 4. Ana ambiri a ku pulaimale adzapeza kuti mtima wao ukugunda pakati pa 70 ndi 110 pa mphindi imodzi. Kenaka atuluke akasewere mpira kwa mphindi khumi, nawerengenso atangoima. Ambiri adzapeza chiwerengero choposa 150. Awerengenso kachitatu patapita mphindi ziwiri. Mwana amene mtima wake umabwerera msanga pa chiwerengero choyamba ndiye wolimba. Lembani ziwerengerozi pa bolodi, muzisunge m'buku, ndipo mudzayesenso pakutha pa temu. Potero mudzakhala mutaphunzitsa sayansi, masamu ndi masewera pa tsiku limodzi.

Mafupa ndi minofu

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Ambiri amayesa kuti fupa ndi chinthu chouma ngati nkhuni, koma fupa la munthu wamoyo liri ndi moyo: liri ndi mitsempha ya magazi, limakula, ndipo likathyoka limalumikizananso. Fupa likamagwedezeka ndi kulemedwa, thupi limaonjezerapo mchere wolimbitsa mafupa wotchedwa kashiamu. Kudumpha, kuponda pansi mwamphamvu, kumenya mpira ndi kutembenuka mwadzidzidzi ndi zimene zimauza mafupa a m'miyendo, a m'chiuno ndi a msana kuti alimbe.

Nthawi ya ntchito imeneyi ndi ubwana. Akatswiri anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya mafupa imene munthu adzakhale nayo atakula limamangidwa m'zaka ziwiri zokha, zija mwana amasinkhuka mofulumira pamene akutha msinkhu. Kwa atsikana nthawi imeneyi imafika msanga kuposa anyamata, ambiri akali ku pulaimale. Akulu anati m'mera mpoyamba. Fupa losalimba pa ubwana limavuta kulilimbitsa munthu atakula, ndipo ndi lomwelo limadzathyoka msanga pa ukalamba.

Ku Denmark, gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Pulofesa Peter Krustrup lakhala likufufuza za mpira wongosangalala kwa zaka zambiri. Pa kafukufuku wina amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018, iwo anatenga ana pafupifupi 300 a zaka 8 mpaka 10. Ena mwa anawo ankasewera mpira wa timagulu ting'onoting'ono, wa miyendo ndi wa mitundu ina, kwa mphindi 40 katatu pa sabata, pamene ena ankangotsata maphunziro a masiku onse. Itatha miyezi khumi, anapeza kuti mafupa a ana osewerawo anali olimba kuposa a anzao, ndiponso mitima yao inaonetsa kusintha kwabwino. Taonani kuti anawa sanali osankhidwa chifukwa cha luso. Anali ana wamba a m'kalasi, anyamata ndi atsikana, onenepa ndi oonda omwe.

Minofu nayo imapindula. Pomenya mpira mwana amaima ndi mwendo umodzi, ndipo potero amaphunzira kusunga thupi lake kuti lisagwe. Diso, ubongo ndi phazi zimaphunzira kumvana. Luso limeneli limamuthandizanso pokwera njinga, poyenda pa mlatho wa mtengo umodzi, ndi posenza mtsuko.

Ubongo ndi makhalidwe

Mwana akasewera mokwanira masana amagona tulo tabwino usiku, ndipo wogona bwino amamva msanga m'kalasi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti masewera olimbitsa thupi amathandiza ana kuganiza bwino, kukhoza pa maphunziro, ndi kuchepetsa kukhumudwa. Choncho mphunzitsi amene amachotsa nthawi ya masewera kuti ana akhoze masamu akufanana ndi munthu amene akuleka kunola nkhwangwa pofuna kudula mitengo yambiri.

Pa bwalo mwana amaphunziranso zimene sizilembedwa pa bolodi. Amaphunzira kuti wokakamira mpira yekha amagonjetsa timu yake. Amaphunzira kugonja osalira ndi kupambana osanyoza. Popeza mpira wa m'mudzi ulibe woyimbira, ana amaweruza okha ngati mpira watuluka kapena ngati wina waugwira ndi dzanja, ndipo mkangano ukabuka amautha okha kuti masewera apitirire. Mwana wamanyazi, ngakhale mlendo wongofika kumene kuchokera ku Lundazi kapena ku Mchinji, amapeza anzake msanga pa mpira kuposa pena pali ponse.

Bungwe la mpira pa dziko lonse la FIFA linaona mphamvu imeneyi ndipo linakonza maphunziro otchedwa 11 for Health, amene anayesedwa koyamba ku South Africa mu 2009, nafikanso ku maiko ena monga Zambia ndi Malawi. M'maphunziro amenewa, luso liri lonse la mpira linkaphatikizidwa ndi phunziro limodzi la zaumoyo, monga kusamba m'manja, kumwa madzi abwino, kugona m'neti yoteteza udzudzu ndi kulemekeza atsikana. Inunso aphunzitsi mungathe kuchita chimodzimodzi popanda buku lapadera. Ana amamvetsera bwino akakhala pansi pa mtengo atangotha kusewera.

Kodi asewere nthawi yaitali bwanji?

Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2020 amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata azichita masewera othamangitsa mtima kwambiri ndi olimbitsa mafupa ndi minofu. Mphindi zimenezi siziyenera kukhala za nthawi imodzi. Zingagawidwe m'mawa, pa nthawi yopuma ndi madzulo. Kafukufuku wa bungwe lomweli wa mu 2019 anaonetsa kuti pa dziko lonse ana 81 mwa 100 ali onse a zaka 11 mpaka 17 sanali kukwanitsa muyeso umenewu, ndipo atsikana ndiwo anali m'mbuyo kwambiri.

Wina anganene kuti, "Zimenezo nza ana a kunja. Athu amayenda mtunda wautali kupita ku sukulu, amalima, amatunga madzi ndi kutola nkhuni." Nzoona, ndipo ntchito zimenezi zimawerengedwa. Koma kuyenda ndi kulima sikuthamangitsa mtima monga mmene liwiro limachitira, ndipo mulibe kudumpha ndi kutembenuka kumene mafupa amafuna. Tisaiwalenso kuti moyo wa m'tauni ya Chipata wasintha. Ana ambiri tsopano amapita ku sukulu pa galimoto kapena pa njinga yolipira, malo amene kale anali mabwalo amangapo nyumba, ndipo madzulo amathera pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Kunenepa kopitirira muyeso, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimaoneka munthu atakula, koma mizu yake imayamba pa ubwana.

Mpira si chakudya

Apa tiyenera kuchenjera. Mpira umalimbitsa thupi limene likudya. Sungamange thupi ndi mphepo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko la Zambia wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 ali onse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kuti ofupika poyerekeza ndi zaka zao, chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Ana amenewo ndi omwe pambuyo pake amadzakhala m'makalasi mwathu. Mwana amene wabwera ku sukulu osalawa kanthu sayenera kukakamizidwa kuthamanga pa dzuwa, ndipo akaoneka wofooka tisafulumire kumutcha waulesi.

Mwayi wathu ngwakuti zakudya zomanga thupi timalima tokha. Chigawo cha Kum'mawa chimadziwika ndi nshawa za Chalimbana. Tiri ndi nyemba, soya, khobwe, mazira ndi kapenta. Nsima, mbatata ndi phala zimapereka mphamvu yothamangira. Ndiwo zamasamba monga chiwawa ndi bonongwe wotendera, pamodzi ndi mango, magwafa ndi masuku, zimateteza thupi ku matenda. Kapenta wodya ndi minga yake yomwe ali ndi kashiamu amene mafupa amafuna. Ana inu, musanapite ku bwalo idyani kanthu, ngakhale nshawa zodzaza dzanja kapena mbatata imodzi, ndipo mwani madzi abwino musanayambe, popuma, ndi mutatsiriza.

Ngozi zoyenera kupewa

Masewera ali onse ali ndi ngozi zake, ndipo zambiri nzopeweka. Choyamba ndi bwalo. Ana ambiri amasewera opanda nsapato, motero musanayambe yendani mondondozana kuchokera ku golo lina kufika ku linzake, mukutola magalasi, misomali, minga ndi miyala, ndi kukwirira maenje. Bala liri lonse litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, nkumangidwa ndi nsalu yoyera. Bala lakuya, makamaka la msomali kapena chitsulo, lipite ku chipatala chifukwa cha matenda a kafumbata. Musathire dothi kapena ndowe pa bala. Musasewere m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East, kumene malole opita ku malire a Mwami amadutsa. Mpira ukagwera mu msewu, imani kaye muyang'ane mbali zonse.

Chachiwiri ndi nyengo. M'miyezi ya October ndi November dzuwa limaswa mtengo. Sewerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Mwana akayamba chizungulire, mutu kapena nseru, akhale pa mthunzi ndi kumwa madzi. M'nyengo ya dzinja, mukangomva bingu lekani masewera ndi kulowa m'nyumba. Musabisale pansi pa mtengo, pakuti mphezi imakonda mitengo yaitali ndi malo a poyera. Ndiponso mukatuluka thukuta musathamangire kukasamba m'madzi oima a m'dambo, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Chachitatu ndi mutu. Ubongo wa mwana ukali kukula ndipo khosi lake silinalimbe. Mu 2015 bungwe la mpira la ku United States linaletsa ana a zaka 10 ndi ocheperapo kumenya mpira ndi mutu, ndipo mu 2020 la ku England linalangiza kuti ana a ku pulaimale asamaphunzitsidwe kumenya ndi mutu pokonzekera masewera. Ifenso tisunge mpira pansi. Mwana akagundana mutu ndi mnzake nkuyamba kusanza, kusokonezeka kapena kuodzera, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ndipo apite naye ku chipatala.

Chachinayi ndi matenda. Mwana amene thupi latentha kapena amene akumwa mankhwala a malungo apume mpaka atachira. Wa mphumu, wa khunyu ndi wolumala asasalidwe. Ambiri amatha kusewera bwino aphunzitsi akadziwa vuto lao ndi kutsata malangizo a ku chipatala. Koma mwana amene amakomoka, kumva kupweteka pa chifuwa kapena kubanika kwambiri pothamanga ayenera kupimidwa. Kumbukirani Enock Mwepu, mmodzi wa akatswiri a Chipolopolo, amene analeka mpira mu October 2022 ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atapeza kuti ali ndi vuto la mtima la chibadwa. Vuto lotere likhoza kubisala ngakhale mwa munthu wooneka wamphamvu, ndipo kupimidwa msanga kumapulumutsa moyo.

Mpira ngwa onse

Ana a ku Chipata amanyadira Fashion Sakala, amene anabadwira konkuno mu 1997, nakhala m'timu ya achinyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga chikho cha Africa ku Lusaka mu 2017, ndipo mu 2021 anapita kukasewera ku Rangers ya ku Glasgow. Atsikana ali ndi Barbra Banda, amene anayamba kusewera ndi anyamata ali mwana ku Lusaka. Pa masewera a Olympics a ku Japan mu 2021 iye anamwetsa zigoli zitatu timu ya Netherlands ndi zina zitatu timu ya China, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala mkazi wosewera bwino koposa mu Africa.

Maina amenewa amatilimbikitsa, koma tisanamize ana. Amene adzadye za mpira ndi ochepa kwambiri. Pa sukulu yonse mwina sipadzatuluka ndi mmodzi yemwe. Mtima wolimba ndi mafupa olimba ndizo mphotho imene mwana ali yense wolowa m'bwalo amapita nayo kwao, ngakhale amene sanamwetsepo chigoli chibadwire. Nchifukwa chake nkulakwa kupereka mpira umodzi wa pa sukulu kwa anyamata 11 a m'timu, ena onse nkumangoombera m'manja. Nkulakwanso kuti mtsikana akangoweruka athamangire ku mtondo ndi ku chitsime pamene mlongo wake ali ku bwalo. Makolo agawe ntchito zapakhomo mofanana, kuti onse agwire ntchito ndipo onse asewere.

Malangizo kwa aphunzitsi

Tiyerekeze kuti kalasi lanu liri ndi ana 60. Mukaseweretsa 11 mbali iyi ndi 11 mbali inayo, ana 38 adzakhala pansi, ndipo mwa osewerawo ena adzatha nthawi yonse osaukhudza mpira. M'malo mwake gawani bwalo m'timabwalo 6 ndi phulusa kapena timitengo, ndipo pa kabwalo kali konse pasewere ana asanu mbali iyi ndi asanu mbali inayo. Ana onse 60 adzakhala akuthamanga, ndipo ali yense adzaukhudza mpira kawirikawiri. Mipira isakudetseni nkhawa. Ana aipange okha pa phunziro la ntchito zamanja, ndipo potero adzatolanso mapulasitiki otayika pa sukulu.

Mphindi 40 mungazigawe motere: mphindi 8 zotenthetsa thupi ndi kuthamanga pang'onopang'ono, kudumpha ndi kupatsirana mpira, masewera atatu a mphindi 8, opumira mphindi 2 pakati pake kuti ana amwe madzi ndi kusintha adani, ndi mphindi 4 zotsiriza zoyenda pang'onopang'ono ndi kukambirana. Gawani matimu inu nomwe molingana ndi msinkhu, kuti pasakhale mwana wotsala pomaliza posankhana. Wapagolo azisinthidwa. Yamikirani wopatsira mnzake monga mmene mumayamikira womwetsa chigoli. Musagwiritse ntchito kuthamanga ngati chilango, kuopa kuti mwana angadane nako moyo wake wonse. Masiku ena sinthani ndi mpira wamanja, waida, chidunu kapena magule, popeza mwana wa ku pulaimale amapindula ndi masewera a mitundumitundu.

Mafunso

1. Kodi magazi amatenga chiyani ku mapapo kupita nacho ku minofu?
2. Ngati mtima wa Tisa wagunda ka 23 pa masekondi 15, kodi ukugunda kangati pa mphindi imodzi?
3. Chifukwa ninji ubwana ndiyo nthawi yabwino yolimbitsa mafupa?
4. Tchulani zakudya zitatu zomanga thupi zimene zimalimidwa kwanu.
5. Kodi muyenera kuchita chiyani mukamva bingu muli pa bwalo?

Ntchito ya sabata ino: kalasi liri lonse lipange mipira isanu ndi umodzi, liyeretse bwalo, ndi kulemba kugunda kwa mtima wa mwana ali yense asanasewere ndi atasewera. Ana inu, mukafotokozere makolo anu zimene mwapeza, ndipo muyambe mwatsiriza ntchito zapakhomo musanatenge mpira.